Mwendo Unkakuwa, Kapamba Ali Chete

Lachitatu, 8 Meyi

Lero andichotsa chubu cha m'mphuno ndipo ndamwa timadzi. Ndapempha akulu anga a Susana, amene akundidikirira kuno, kuti andipezere cholembera. Mphunzitsi sangagone chagada tsiku lonse n'kumangowerenga malata a denga. Ndili mu wodi ya amayi pa chipatala chachikulu ku Lilongwe. Pamimba pali bala la opaleshoni, mwendo wamanzere aumanga. Ndatopa kale. Ndalekera pomwepa.

Lachinayi, 9 Meyi

Ndilembe mmene zinayendera ndisanayambe kusokoneza.

Lolemba m'mawa ndinanyamuka kwathu ku Msakambewa kupita ku Dowa boma, ku msonkhano wa aphunzitsi a Sitandade 8, poti mayeso ayandikira. Anandinyamula ndi mlongo wanga Moffat pa njinga yake yamoto ya kabaza. Helimeti ali nayo imodzi yokha, ndipo anandiveka ine. Tikutsika phiri, pokhota penipeni, tinangoona ngolo yodzaza mabelo a fodya ili pakati pa msewu. Moffat anaizemba, tayala linaterereka pa timiyala, ine n'kuuluka mpaka kukagwera m'chigwembe.

Chimene ndinkamva ndi mwendo basi. Ndinakuwa mpaka anthu a m'minda anabwera. Moffat anadzuka yekha, ali ndi bala pamwamba pa khutu lamanzere, ndipo ndi iye amene anandinyamula kundikweza galimoto imene inaima.

Ku chipatala cha kwathu anajambula mwendo n'kupeza kuti mafupa onse awiri a m'munsi mwa bondo athyoka. Ine ndinati, “Mangani chikhakha ndizipita, ana akundidikira.” Koma adokotala a kumeneko anandifunsa kutalika kwa pamene ndinagwera, anandisindikiza pamimba, nafunsa ngati pali pena pakupweteka. Ndinati phewa lamanzere, ngakhale silinagunde paliponse. Anayang'anizana ndi anamwino.

“Mayi, mtima wanu ukuthamanga kwambiri. Mwendo tauona, koma sindikukhulupirira kuti ndi wokhawo. Mupite ku Lilongwe akakuunikeni thupi lonse.”

Ndinanyinyirika, koma ambulansi ndinakwera. Moffat anamutsuka bala, iye n'kunena kuti ali bwino, nabwerera kukatenga njinga.

Kuno sanachedwe nane. Anandiika kolala yolimba m'khosi n'kundikankhira ku chipinda chozizira kumene kuli makina otchedwa CT sikani. Ndi chinthu choyera chobowoka pakati, ngati tayala la thirakitala loimika. Umagona pa kabedi, kabediko n'kumalowa pang'onopang'ono m'bowomo. Anandibaya mankhwala pamkono, thupi lonse linatentha, m'kamwa ngati ndanyambita chitsulo, ndipo ndinachita manyazi poganiza kuti ndadzikodzera. Anali atandichenjeza kale kuti zimamveka choncho. Anandiuza kuti ndigwire mpweya, kenako ndipume. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumaliza nyimbo ya m'buku. Potuluka ndinaona anthu akuyenda mothamanga, wina akuti, “Uzani a ku fiyeta akonzeke.” Ndinadzuka Lachiwiri.

Lachisanu, 10 Meyi

Kutentha thupi kulibe. Magazi anandiwonjezera mabotolo awiri, ndipo akuti tsopano akukwera. Ndadya phala losalala. Jakisoni wa ululu m'mawa ndi madzulo.

Amene anandichita opaleshoni ndi mayi wamfupi wolankhula mofatsa, Dokotala Kachingwe. Nditawauza kuti ndine mphunzitsi ndipo sindikhutira ndisanaone ndekha, anaseka n'kubweretsa zithunzi pa kompyuta yawo ya m'manja. Anati makina aja amajambula munthu mapisi mapisi, monga mmene timadulira nkhaka, kuchokera kumutu mpaka m'chiuno. Ndinaona ubongo wanga, mafupa a khosi, mapapo. Mutu ulibe vuto. Khosi lili bwino, n'chifukwa chake anandivula kolala. Nthiti ziwiri zakumanzere zachita ming'alu. Kenako analoza malo otuwa m'mimba.

“Apa ndi kapamba wanu. Mukuona mzere wakudawu? Anang'ambika. Zonsezi m'mbalimu ndi magazi.”

“Koma pamimba sipankapweteka kwenikweni, adokotala.”

“Mwendo wothyoka umakuwa, ndiye aliyense amathamangira kumeneko. Kapamba amadontha mwakachetechete, munthu akucheza bwinobwino, mpaka kungokomoka. Mukanapita kunyumba ndi chikhakha chanu, sindikudziwa ngati tikanaonana.”

Anandiuzanso kuti ndikanafika nditafookeratu sakanataya nthawi ndi makina, akanangothamangira nane ku fiyeta n'kukafufuzira komweko. Poti ndinafika ndidakali ndi mphamvu, anatha kuona kaye zonse, n'kudziwa poyambira ndi pamene pangadikire. Kapambayo anamuchotsa. Akuti munthu amakhala popanda iye, koma ndilandira katemera, ndizigona m'neti chaka chonse, ndipo thupi likangotentha ndizithamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Atatseka kompyuta anafunsa, “Nanga amene ankayendetsa njingayo ali wodi iti?”

Ndinati ali kunyumba, akusankha fodya.

“Anavala helimeti?”

Ndinati ayi. Anangoti, “Mumufunse mmene akumvera m'mutu,” n'kupita pa bedi lina.

Loweruka, 11 Meyi

Ndakhala tsonga koyamba. Nthiti zikulasa ndikatsokomola, koma anamwino akuti nditsokomolebe, nditakumbatira pilo, kuti chifuwa chisadzadze.

Bedi la kumanja kwanga kuli aNachisale a ku Nthondo, ku Ntchisi. Anagwa ndi thumba la mbatatesi pamutu n'kuthyoka mkono pachigongono. Pakamwa pawo sipatsekeka, ndipo wodi yonse imadalira iwo pa nkhani ya kuseka. Atamva za makina aja anaimitsa adokotala.

“Inenso mundilowetse m'tayalamo, bwana. Pali chinthu chimandiyenda kumsanaku chaka chachitatu chino. Muchione nkhope.”

Adokotala anati makina amenewo si oyezera aliyense. Kuwala kwake n'kwamphamvu kuposa kojambulira mafupa, ndipo munthu sayenera kukulandira popanda chifukwa. Thupi lonse amaunika munthu amene wachita ngozi yaikulu, pamene sizikudziwika kuti wavulala pati ndi pati. “Inu munagwa pamalo amodzi, ndipo povulala tapaona.”

“Ndiye kuti ndikagwe bwino kaye?” anatero aNachisale. Ndinaseka mpaka kugwira bala.

Madzulo ndinaimbira Moffat. Chichitikire ngoziyi sanabwere, sanaimbenso. Anayankha ndi mawu otsika.

“Alongo, ndibwere ndidzakuyang'aneni ndi nkhope iti? Ndine ndakugonekani pamenepo.”

Ndinamuuza kuti ngolo sanaiike pamsewu ndi iye. Ndinamufunsa za mutu. Anati ukuwawa pang'ono, wamwa mapiritsi a m'golosale, ndipo fodya akatha kusankha abwera. Ndinamupempha kuti apite kuchipatala. Anati, “Chabwino, ndamva.” Ndimamudziwa. Akati “ndamva” ndiye kuti nkhani yatha.

Lamulungu, 12 Meyi

Amayi a Mvano a mpingo wina wa mumzinda muno anabwera kudzaimba mu wodi. Amuna anga a Elifala afika ndi nthochi, maungu ophika ndi moni wa aphunzitsi anzanga. Akuti ana anga a Sitandade 8 awagawana, wina masamu, wina Chingerezi. Mtima wakhala pansi.

Chinthu china chandisowetsa mtendere pang'ono. Dokotala wachinyamata powerenga zotsatira za sikani anatchula kuti pa impso yakumanja pali kathumba kamadzi. Nditafunsa Dokotala Kachingwe anati n'kakale, sikakukhudzana ndi ngozi, anthu ambiri ali nato ndipo amakalamba nato osadziwa. Adzakaonanso pakapita miyezi. Makinawa amaona ndi zimene sunawatume. Ndaganiza zowakhulupirira adokotala, poti pa zina zonse sanandinamize.

A Elifala ndawafunsa za Moffat. Akuti anamuona Lachisanu atakhala m'chigafa, fodya ali pamwendo, koma osasankha. Iwo anayesa kuti ndi chisoni.

Lolemba, 13 Meyi

M'mawa kunaimba mlamu wanga Luckness, mkazi wa Moffat. Akuti Moffat wasanza kawiri, akungofuna kugona, ndipo kapu ya tiyi yamugwa m'dzanja lamanja. Apongozi a Moffat akuti mwina ndi malungo. Ndinati amupatse foni.

“Alongo,” anatero, mawu akukoka ngati woledzera, chonsecho Moffat salawa mowa. “Msonkhano uja munafika bwino?”

Ndinati, “Msonkhano uti, achimwene?”

“Wa ku boma. Ndikubwera kudzakutengani. Mundidikire pa sitolo paja.”

Chikwatirire chake sindinamutchulepo kuti iwe. Ndi bambo wa ana atatu, ndiponso ndiye mwini mbumba kwathu, mwamuna yekhayo m'mimba mwa mayi athu. Koma lero ndinabwerera ku masiku amene ndinkamubereka kumsana.

“Iwe Moffat, tamvera. Usakwere njinga. Ukhale pomwepo. Alamu ako akubwera ndi galimoto, ndipo ukwera osatsutsa. Wandimva?”

Anati, “Eya, ndakwera.”

Ndinatuma a Susana kuti athamange akapeze Dokotala Kachingwe. Anabwera, ndinawafotokozera zonse: bala la pamwamba pa khutu, kusanza, kapu, kuiwala. Sanadikire kuti ndimalize. Anati apite naye ku chipatala cha kwathu msangamsanga, ndipo iwo aimbira anzawo a kumeneko kuti ambulansi ikhale yokonzeka. A Elifala anali atabwerera kale kumudzi dzulo. Anakabwereka galimoto ya abusa. Luckness akuti pomukweza anavuta, ankafuna kukatseka chigafa, mpaka amuna atatu anachita kumugwira.

Tsiku lonse ndagwira foni m'manja. ANachisale sananene nthabwala ngakhale imodzi. Anangosendeza mpando n'kukhala pafupi nane.

Moffat afika naye kuno dzuwa litapendeka. Ine sindinamuone, a Susana ndi amene anapita. Akuti maso anali otseka, koma akamutchula dzina amatsegula.

Lachiwiri, 14 Meyi

Anamulowetsa m'makina omwe aja dzulo lomwelo. Apeza magazi ataundana mkati mwa chigaza, kumanzere, akukankha ubongo. Akuti kamtsempha kanang'ambika tsiku la ngozi ndipo kakhala kakudontha pang'onopang'ono sabata yonseyi. Madokotala a mutu anamutengera ku fiyeta, anaboola chigaza n'kuchotsa magaziwo. Ali ku chipinda cha odwala kwambiri. Akupuma yekha.

Ndinafunsa Dokotala Kachingwe chifukwa chimene iye anamuunika mutu ndi khosi zokha, pamene ine anandiunika thupi lonse.

“Inu munabwera tsiku lomwelo, mutagwa kuchokera patali, ndipo thupi linali lisanatiuze kanthu. Tinayenera kuyang'ana paliponse. Achimwene anu ayenda, adya, agwira ntchito sabata yathunthu. Pamimba tapagwira, mpofewa. Thupi lawo laloza lokha pamene pali vuto.”

“Akanabwera nane tsiku lija, mukanawaona magaziwo?”

Anaganiza kaye. “Mwina akanaoneka, ali ochepa. Mwinanso ayi. Koma tikanawagoneka n'kumawayang'anira, ndipo sakanafika pamene anafikapa.”

Ndawakonda chifukwa sanandiyankhe zongondisangalatsa.

Mawa ndi tsiku la mwendo wanga. Kuyambira usiku osadya kanthu.

Lachinayi, 16 Meyi

Aika chitsulo m'mwendo. Ululu. Ndasanza mankhwala ogonetsa. Moffat watsegula maso, wamuzindikira Luckness.

Lachisanu, 17 Meyi

Lero sindinafune kulankhula ndi munthu. Mwendo ukugunda ngati ng'oma. Ndalira pang'ono nditafunda kumutu, osati chifukwa cha mwendo. Ndimangoganiza za sabata ija, ine ndili pano anthu akundizungulira, iye ali yekha m'chigafa.

Loweruka, 18 Meyi

Kwacha bwino. Achotsa ulusi wa pamimba, bala lauma. Katemera woyamba ndalandira paphewa. Wophunzitsa kuyenda wabwera ndi ndodo ziwiri, ndipo ndafika pakhomo la wodi n'kubwerera, thukuta lili kamukamu. Akuti mwendo wodwalawo usaponde pansi mpaka adzanene.

ANachisale atuluka lero. Asanapite anaima pakati pa wodi, mkono uli pa chikhakha, n'kulengeza kuti akakafika ku Nthondo aliyense wogwa pa njinga azikamutengera okha kuchipatala, afune asafune. “Ndizikati, kodi iwe m'kati mwako unalowamo? Unaonamo?” Anandisiyira mpango wawo woti ndizikolekera ndodo pabedi. Wodi yazizira.

Moffat amutulutsa ku chipinda cha odwala kwambiri, ali ku wodi ya abambo. A Susana akuti akudya, akulankhula, koma mawu ena amawasowa, ndipo dzanja lamanja n'lofooka. Za ngozi sakukumbuka chilichonse. Luckness wamufotokozera kawiri, ndipo kawiri konse Moffat walira.

Lolemba, 20 Meyi

Moffat anamuunikanso mutu m'mawa. Magazi sanabwerere, ubongo wabwerera m'malo mwake. Madokotala akuti dzanja ndi mawu zibwera pang'onopang'ono, koma njinga aiiwale kaye kwa miyezi ingapo. Fodya wake a Elifala ndi anthu a mpingo amaliza kusankha, akudinda mabelo sabata ino.

Ndapempha kuti andikankhire ku wodi ya abambo. Anamwino akuti mawa. Luckness anabwera madzulo n'kundinong'oneza kuti mwini wake akuopa kundiona. Ndinati akamuuze kuti sindikupempha chilolezo.

Lachiwiri, 21 Meyi

Ndamuona. A Susana anandikankha pa njinga ya odwala. Mutu anamumeta mbali imodzi, pali bandeji, ndipo waonda. Atandiona anatembenukira kukhoma.

Ndinati, “Achimwene, ndayenda ulendo wonsewu kudzaona msana wanu?”

Anatembenuka. Anayang'ana mwendo wanga nthawi yaitali. Anafuna kunena chinachake, mawu anakana, anangoti, “Alongo... ine... pepani.”

Ndinamuuza kuti Dokotala Kachingwe anandionetsa mutu wanga mkati monse, ndipo mulibe ngakhale kachikanda, chifukwa chipewa chimene chikanateteza mutu wake chinali pamutu panga. Ndinati ngati pali wopepesa ndiye tipepesane, tithane nazo lero lomwe, poti ine ndilibe mphamvu zobwera kuno kawiri. Anaseka, mbali imodzi ya pakamwa ikutsalira. Bambo wa bedi loyandikana naye anati aka n'koyamba kumumva akuseka.

Lachinayi, 23 Meyi

Atitumiza tonse awiri ku chipatala cha kwathu ku Dowa kuti tikamalizire kuchira pafupi ndi abale. Dokotala Kachingwe anabwera kudzatsanzika. Ndinawathokoza ndi mtima wonse. Anandikumbutsa za neti, za katemera wotsala, ndi tsiku lodzaonetsa mwendo ndi impso ija.

Mu ambulansi ine ndinagona, Moffat anakhala pampando pambali panga. Titayamba kukwera mapiri anasuzumira pawindo n'kuyamba kutchula midzi imene timadutsa, umodzi umodzi. Ena amawaphonya, Luckness n'kumukonza. Mphepo ya kwathu yayamba kale kuzizira.

Adokotala aja amene anakana kundimanga chikhakha anatilandira pakhomo. Anati, “Mayi aphunzitsi, mwabwera kudzatenga chikhakha chanu chija?” Ndinawagwira dzanja ndi manja awiri.

Loweruka, 25 Meyi

Ana anga alemba mayeso sabata ino popanda ine. Aphunzitsi aakulu anabwera kudzandiuza kuti palibe amene anajomba. Zotsatira tidzaziona, ndinawaphunzitsa mokwanira.

Kutentha thupi kulibe. Ndikuyenda ndi ndodo mpaka panja. Akuti Lachiwiri tikhoza kutuluka tonse.

Masana ano tinakhala pakhonde la chipatala kuwothera dzuwa, ine mwendo uli pa mpando, Moffat pambali panga. Luckness anabweretsa mtedza wofukula kumene kumunda kwawo. Wophunzitsa zolimbitsa thupi anauona n'kunena kuti Moffat aziswa yekha, ndi dzanja lamanja lokha, lamanzere alikhalire. Luckness anafuna kumuthandiza, ine ndinamugwira mkono.

Woyamba unamupulumuka n'kugwa pansi. Wachiwiri anaufinya, osasweka. Anaupumira, naugwiranso, akuluma mlomo. Ngakhale amayi ena odikirira odwala anasiya kuchapa n'kumayang'ana. Kenako tinamva kuti thwa.

Munali njere ziwiri. Anaziyang'ana m'dzanja mwake, n'kutambasulira dzanja lomwelo kwa ine.

“Idyani, alongo. Winawo ndiswa wanga.”

Ndinadya. Unali wauwisi, wozizira, wonunkhira dothi. Iye anali atatola kale wina.